Tsiku limene ndinaulula zonse kwa apongozi

Pali masiku ena amene munthu ukawakumbukira umadzilankhulira wekha mumsewu, anthu n'kumakucheukira. Langa ndi tsiku limene ndinapita koyamba kwa apongozi anga ku Kasisi.

Marita ndinakumana naye ku Makhanga, kumene tonse tinkaphunzitsa kupulayimale. Titagwirizana za banja, anati ndikaonekere kaye kwa bambo ake tisanatume ankhoswe. M'pamene anandiuza kuti bambowo ndi dokotala wa matenda a m'maganizo. Anaphunzira kunja, anagwira ntchito zaka zambiri m'tauni, ndipo njira yawo inali yoti wodwala agone pampando wautali n'kumafotokoza maloto ake ndi za ubwana wake, iwo akumvetsera. Atapuma ntchito anabwerera kumudzi kukaweta mbuzi.

Kulakwa kwanga kunali kokafunsa nzeru kwa Zuze, mnzanga wogulitsa nsomba zouma (munthu amene chipatala amachidziwira pageti pokha). Iye anati madokotala oterewa amawerenga munthu ngati nyuzipepala. Ukakanda mphuno ndiye kuti ndiwe wabodza, ukapinda manja uli ndi mkazi wina, ukayang'ana kumwamba unabapo.

Ndinafika nditavala jekete (mu Okutobala, ku Chikwawa, musandifunse chifukwa chake). Adokotala ndinawapeza pansi pa mtengo wa masawu: nkhalamba yaifupi, yovala patapata, kope ndi cholembera zili m'manja. Marita anagwada, ananditchula dzina, basi n'kulowera kukhitchini kwa mayi ake.

Mpando umene unatsala unali wa ndalema. Ndinayesa kukhala kumapeto kwake, koma nsalu ija inandimeza, ndipo ndinapezeka ndagona chagada, ndendende ngati odwala aja.

Anandifunsa za kunyumba, ndinayankha. Kenaka anangoti zii. Nthawi yomweyo mphuno inayamba kuyabwa. Kukanda sindikanatha, kupinda manja ayi, kumwamba n'kosayang'anika, ndiye ndinatambasula manja uku ndi uku ngati nkhuku yomva kutentha, maso ali pabondo. Iwo anandiyang'ana pang'ono n'kulemba kanthu m'kope muja.

Mumtima ndinati basi, andiona kale. Bola ndiulule ndekha.

Ndinayamba ndi zing'onozing'ono: njinga yamoto imene ndabwera nayo ndi yobwereka. Anati, "Mmh," n'kulembanso. Ndinawonjeza kuti makalata achikondi amene ndinkalembera Marita ndinkakopera m'kope la achimwene anga, ndinkangosintha dzina. Analembanso. Apa pakamwa panga panathawa ngati bwato loduka chingwe. Nkhani imene ndinauza Marita, yoti nthawi ya madzi osefukira ndinapulumutsa amayi atatu, ndinaikonza: amayiwo ndi amene ananditsitsa mumtengo, ndikulira, nditakumbatira tambala wa eni ake. Ndinafotokoza maloto anga a mvuu yondithamangitsa itavala duku la mayi anga. Ndinatchulanso kalasi imene ndinasiyira kukodza pamphasa (pano sindiitchula, ophunzira anga amadziwa kuwerenga).

Mawu atandithera, adokotala anatseka kope.

"Mwamaliza, bambo? Ine ndimalemba mbuzi zoti zibayidwe katemera mawa. Ndinakhala chete chifukwa pali katonde kena kamene ndimakaiwala. Koma poti munayamba, sindikanakudulani. Ntchito yathu siilola."

Anapitiriza kunena kuti pa zaka zawo zonse za udokotala sanathepo kuwerenga maganizo a munthu ngakhale mmodzi. Chimene anaphunzira ndi kudikira basi, ndipo zimene ine ndakhuthula tiyi asanawire, ena ankatenga miyezi kuti azinene. "Ndipo mphunoyo kandani," anatero, "ikundimvetsa chisoni."

Ndili m'kati mokanda, kuseri kwa mpanda wa bango kunamveka munthu akutsamwa ndi phwete. Khitchini ija, imene ine ndinkaiyesa ili kutali, inali mapazi atatu okha kuchokera pa ndalema. Mayi ake a Marita anatuluka akupukuta misozi ndi chitenje, moni anandipatsa m'Chisena koma sanathe kuumaliza. Marita yekha ndiye sankaseka. Anandiikira madzi osamba m'manja osandiyang'ana, n'kufunsa chapansipansi dzina la mtsikana amene achimwene anga ankamulembera.

Kwa milungu iwiri sanandilankhule. Pasukulu tikakumana ankandipatsa moni wa aphunzitsi anzake, ndipo ine ndinali nditayamba kale kuganiza zopempha kusamuka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bambo ake ndi amene anandipulumutsa. Akuti anamuuza kuti mwamuna wolimba mtima angamupeze kwina kulikonse, koma wolephera kusunga bodza kwa ola limodzi ndi wosowa, amugwiritsitse.

Ukwati unachitika, ndipo tsopano tili ndi ana awiri. Ndimafuna n'tanena kuti ndinaphunzirapo kutseka pakamwa, koma dzulo lomweli Marita anakhala duu pakhonde kwa kanthawi, ine n'kuvomera kuti ndine ndinadya chiwindi chimene anasungira ana. Iye amangoganiza za mtundu wa makatani.