Nasimango Akadali pa Mlatho

Usiku watha ndinalota kaseti ya gemu ya malemu mkazi wanga ikutsokomola m'kabati. Musaseke, a Dzonzi. Inunso a Kachingwe, khalani pansi. Mukundidziwa, sindiyankhulayankhula, ndiye mukandidula ndisiyira pomwepo.

Gemuyo mukuidziwa, ija yolumikiza ku TV yachimsana, imene Nasimango anagula pa kaunjika mwana wathu Mtisunge akadali kumsana. Dzina lake linafufutika kalekale. Ife tinkangoti Kanyali, chifukwa umayendetsa kamunthu konyamula nyali, kofunafuna njira yotulukira m'phanga. Padi yogwirira inali imodzi, lamulo la m'nyumba mwathu linalinso limodzi: wafa apereke padi. Tsiku lomaliza kusewera, Nasimango anafikitsa kamunthuko pa mlatho wa zingwe, pomwe tonse awiri tinali tisanafikepo, atatsala ndi miyoyo iwiri. Anasunga gemuyo pomwepo, nati mutu ukuwawa, apitiriza mawa. Mawalo tinali kuchipatala. Kamunthuko sikanafe, choncho padi ikadali yawo, ndipo ine sindinaigwirepo. Loweruka likubwerali mlamu wanga Lufeyo akubwera ndi akuchikazi kudzandisudzula ndi kugawa katundu wa malemu. Ananena kale kuti gemuyo ndi chitsulo chakutha, akapatsa ana aphwasule. Mtisunge wandigulira foni yodzaza magemu atsopano kuti ndisadandaule. Foniyo ndimaimikira windo, imagwira bwino ntchitoyo.

Ndiye m'malotomo ndinatsegula kabati, kaseti ija n'kundiyang'ana.

"Ndiuzireni mpweya, bambo a Mtisunge," inatero. "Fumbi landitseka pakhosi."

Ndinaiuzira monga tinkachitira kale. Fumbi linatuluka lambiri, linadzaza nyumba, ndiye litatsika ndinapezeka ndili pamzere mu ofesi ya magalasi okhaokha. Pambali panga panaima foni ya Mtisunge ija, itamera miyendo, itavala nsapato zazitali.

"Takulandirani ku gemu yatsopano, adadi!" inatero. "Musanayambe, dikirani."

"Ndidikire chiyani?"

"Apudeti."

"Ndani ameneyo?"

"Akubwera. Amabwera tsiku lililonse."

Kutsogolo kwa mzere kunali bwana wa tayi, atakweza chidindo m'mwamba. Ndinayang'ana dzanjalo kuti litsika liti. Silinatsike. Mwadzidzidzi maso ake anayamba kuyenda lililonse kwake, khungu n'kusanduka lobiriwira, kenako lofiira, ndiye ndinaona kuti ndi bilimankhwe wovala tayi, mwendo umodzi uli m'mwamba, akuganiza ngati aponde kapena ayi.

"Ndikupita ku mlatho," ndinatero.

"Musankhe kaye tsitsi," anatero bilimankhwe.

"Tsitsi ndili nalo."

"Ndi lakale limenelo. Musankhenso mphuno, ndevu ndi mtundu wa nsapato."

Ndiye anandisankhira okha. Anandiveka jekete lonyezimira ngati la woimba wa pa ukwati, n'kundikoleka lupanga lalitali ngati mtanda wa denga. Kamunthu ka mu Kanyali nkhope yake ndi timadontho tiwiri, koma kanatsika mapanga osafunsa munthu za ndevu.

Ndiye pansi panatseguka, ndinagwera m'dambo. Kukongola kokha ndisaname, kunali kokongola. Udzu uliwonse unkagwedezeka pawokha, madzi ankaoneka mpaka mchenga wa pansi, mbalame zinali ndi nthenga zoti ukhoza kuziwerenga. Ndinati ndiyende ndione. Mwadzidzidzi patsogolo pa mphuno yanga panabwera muvi wachikasu, ukuyandama.

"Kumanzere, bwana," unatero muviwo. "Eya! Mwachita bwino kwambiri!"

"Sindinachite kanthu."

"Mwaponda pansi. Landirani mendulo."

Mendulo inagwa kuchokera kumwamba n'kundikola m'khosi. Ndinaponda kachiwiri, inagwa ina. Ndinayetsemula, malipenga analira, ndipo mtengo wa pafupi unandiombera m'manja.

"Choka," ndinauza muviwo.

"Sindingachoke, bwana, mungasochere."

"Ndikufuna kusochera."

Muviwo unayang'ana foni ija, foni n'kuyang'ana muvi, ngati anamwino amene alandira wodwala misala. Sakanamvetsa. Ine ndi Nasimango tinasochera dzinja lonse m'phanga limodzi. Iwo ankati kumanja, ine ndinkati kumanzere, tinkakangana mpaka ndiwo kupserera. Mawu ambiri amene ndinayankhula m'banja langa ndinawayankhulira m'phanga limenelo. Kuno muvi umakuuza pokhota, pokumba, ngakhale pobisala mdani, ndiye iwe ntchito yako ndi kungotsatira ngati mbuzi yopita kumsika.

Ndinaona chidzenje chakuya pambali pa njira. Ndinati ndione ngati kuno kuli imfa. Ndinalowamo dala. Ndinagwa, ndinagwa, n'kufikira pa matiresi. Pamenepo panali wapolisi wa chipewa choyera, akumwetulira.

"Kuno sitifa, madala," anatero. "Onerani kaye malonda a sopo awa, mudzuka pomwe munagwera."

"Ndagwa. Ndibwerere koyambira."

"Ayi, zimenezo zimakhumudwitsa makasitomala."

Akuyankhula choncho anayamba kufupika, miyendo n'kuchuluka, mimba n'kutupa, ndiye anasanduka nkhupakupa, chipewa chikadali kumutu. Inandikwera pa mkono n'kuboola.

"Ukuyamwa chiyani?"

"Bandulo, madala. Musatekeseke, simumva kuwawa. Mudzangoona yatha."

Ndiye ndinapezeka ndili m'bwalo lalikulu, patsogolo panga pali chilombo cha mitu iwiri, moto ukutuluka m'mphuno. Ndinati eya, mwina apa pali ntchito. Ndinasolola lupanga lija. Chilombocho chinakweza dzanja kuti ndidikire, chinakonza pakhosi, n'kuyamba kufotokoza mbiri yake: komwe chinabadwira, mmene bambo ake anachisiyira chili chaching'ono, chifukwa chake chili ndi mkwiyo. Ndinafunafuna batani loti chisiye, panalibe. Mutu wina utatopa, unzake unapitiriza. Ndinakhala pansi. Chitamaliza chinayasamula kukamwa kuti chindimeze, mwadzidzidzi zonse zinaima. Mtsinje unaima, mbalame inaima m'mlengalenga, ine ndikudzuka kuti ndithawe, mwendo uli m'mwamba.

"Pepani achimwene," chinatero chilombocho, kukamwa kuli yasa. "Netiweki yathawa. Ndikulumani ikabwera."

Ndinatsitsa mwendo wanga ndekha. Ndinavula jekete lija ndi mamendulo onse n'kukoleka pa dzino la chilombocho. Muvi ndi foni zinali zitauma pomwepo, ndiye ndinazilambalala. Kuseri kwa chikwangwani cha malonda a sopo ndinapeza chitseko chakale, cha timabokosi tofiirira, chopanda chokongoletsa chilichonse.

"Kiyi," chinatero chitsekocho.

"Ndilibe."

"Bwererani."

Anzanga, mtima wanga unakhala pansi. Chiyambire ulendowo, chimenechi chinali chinthu choyamba kundiyankhula ngati munthu wamkulu. Ndinapisa m'thumba la buluku. Munali makwerero, chingwe, belu la njinga ndi nsomba yaiwisi, zonse m'thumba limodzi, monga zimakhalira mu Kanyali. Ndinayesa belu, chitseko chinati ayi. Ndinayesa makwerero, chinati ayi. Ndinachipatsa nsomba. Chinatafuna, chinalavula kiyi amene anali m'mimba mwa nsombayo, n'kudzitsegula chokha. Sichinandiyamikire.

M'katimo munali mdima ndi kanyimbo kaja kolira ngati wailesi yotha mabatire. Ndinayenda pang'ono, mleme unandikhudza khutu, ndinafa. Basi. Palibe anapepesa. Ndinapezeka ndili pa chitseko paja, chikuti, "Kiyi." Ndinalowanso, ndinawerama pa mleme, ndinaponda mwala woterera, ndinafanso. Ulendo wotsatira ndinadziwa pali mleme, ndinadziwa pali mwala, ndinadutsa. Chimene ndinadziwacho chinali changa, palibe muvi unandinong'oneza.

Ndiye phangalo linatha, ndinatulukira pa phompho. Pamphepete pake panali tebulo lathu la pabalaza, mlamu wanga Lufeyo atakhala pamenepo ndi jekete lakuda ndi kolala yoyera, akugawa katundu. Zitenje uku, mapoto uko, makina osokera apo. Katunduyo ankayenda yekha kupita komwe wauzidwa, kupatula ketulo, imene inkatukwana.

"Alamu, mwafika bwino," anatero Lufeyo. "Ife takumasulani. Mwatisungira mlongo wathu bwino, tilibe nanu mlandu. Pitani mukasewere za pafoni. Mukafuna kukwatira, kwatirani."

"Padi," ndinatero.

"Chitsulo chakutha chija?"

"Ndi ya achemwali anu. Sanafe."

"Alamu, maliro tinaika tonse. Inu munaponya dothi loyamba."

"M'gemumu sanafe."

Lufeyo anaseka, ndiye kusekako kunasanduka khwaa, khwaa, mphuno n'kutalika, jekete n'kumera nthenga, kolala yokha n'kutsala yoyera. Anali khwangwala. Anatola padi ija ndi mlomo, chingwe chake chikulendewera ngati nyongolotsi, n'kukatera pa mtengo womangirira mlatho.

Pamenepo m'pamene ndinauona mlathowo. Zingwe ziwiri, matabwa otalikirana, pansi pake mdima wokhawokha. Ndipo poyambira pake panaima Nasimango. Anali a timabokosi ngati kamunthu kaja, nkhope timadontho tiwiri, koma duku lawo lobiriwira ndinalidziwa, ndi kaimidwe kaja koika dzanja m'chiuno. Dzanja linalo linanyamula nyali.

"Bambo a Mtisunge," anatero, "mwandiimika pano ngati wapolisi wa pamsewu. Miyendo yatupa."

"Nthawi yosewera ikadali yanu."

"Ndiye mwangokhala? Chaka chonse kuyang'ana kabati?"

"Simunafe."

"Mutu wanuwo ndi mwala. Mayi anga ananena tsiku la chinkhoswe, ine osamva." Anatembenuka n'kuloza kumbuyo kwanga ndi nyali. "Ndimaona kuwala kwa anzathu atsopanowo, magemu a pafoni, kuchokera pano. Mitengo yawo ndi yokongola."

"Ilibe ntchito."

"Nanga kuno kuli nzeru? Chitseko chodya nsomba? Tinavutika ngati akaidi, inu mpaka kulota mileme."

"Tinavutika tonse."

Nyali ija inkaphethira. Khwangwala pamwamba paja anafuna kunena kanthu, koma padi inali kukamwa.

"Kutsidya kuli chiyani?" anafunsa Nasimango.

"Sindikudziwa."

"Inenso sindikudziwa. Ndiye mukufuna Lufeyo apatse ana aphwasule, tonse awiri osadziwa? Tengani padiyo muwoloke."

"Wafa apereke padi. Lamulo munaika ndinu."

"Ndinaika chifukwa munkakanirira padi ngati mwana."

"Lamulo ndi lamulo."

Anandiyang'ana ndi timadontho tija nthawi yaitali. Kenako anapuma mwamphamvu monga ankachitira ndikakana kupita kuchipatala.

"Chabwino," anatero. "Pakuti ndinu."

Anaika nyali pansi pafupi ndi phazi langa. Anamanga chitenje bwinobwino. Anaponda thabwa loyamba, lachiwiri, ndiye pofika pa mpata sanadumphe. Anangoponda pomwe panalibe thabwa, dala, ngati munthu wotsika minibasi pa siteji ya kwawo. Ndinafuna kufuula, koma mukundidziwa. Kanyimbo ka imfa kanalira, kaja kotsika pansi. Kumwamba, pomwe pamalembedwa miyoyo, iwiri ija inasanduka umodzi.

Khwangwala anayasamula kuti anene kuti mwaona, ndiye padi inagwa n'kufikira m'manja mwanga. Inali yofunda, ngati munthu wangoisiya kumene.

"Watsala umodziwo ndi wanu," mawu anachokera pansi pa phompho. "Musauwononge pa thabwa loyamba, ndikukudziwani. Mudumphe mochedwerako."

"Loweruka!" anakuwa khwangwala. "Loweruka m'mawa, alamu!"

Ndinatola nyali. Thabwa loyamba linalira, lachiwiri linagwedera, mphepo inachokera pansi n'kundizizira m'miyendo. Ndinafika pa mpata paja. Kutsidya kunkaoneka kanthu kowala pang'ono, sindinathe kuzindikira ngati ndi khomo kapena mdani wina. Palibe anandiuza. Ndinadikira monga anandilangizira, ndinadikirabe pang'ono, ndiye ndinadina batani lodumphira.

A Dzonzi, madzulo ano musabwere kunyumba, ndipo mukamva kanyimbo pawindo musagogode. Ngati ndinafika kutsidya sindikudziwa, chifukwa ndili m'mlengalenga choncho ndinadzidzimuka, chala changa chachikulu chikukanikiza bulangete, kunja kutayera, mayi a nyumba yoyandikana nafe akusesa pabwalo, tsache likungoti shwe, shwe, shwe.