Kakapu ka ku Dubai Kanandisandutsa Chidole

Anzanga a pa malire, inu amene mumati Zeka anakwera ndege kamodzi kokha koma amayankhula ngati anabadwira m'mitambo, khalani pansi ndikuuzeni mbali imene ndakhala ndikuibisa. Sekani ndithu, ine ndinadziseka kale mpaka nthiti kuwawa.

Kwa amene simundidziwa, ine ndimanyamula katundu pa njinga kuchokera ku Muloza kubwera kuno ku Milange, shuga, mabelo a kaunjika, chilichonse chimene bulu angakane. Sukulu ndinalekeza kwarta kilasi, kalasi yachinayi, aphunzitsi ndi amene anatopa, osati ine. Tsono alamu anga a Bonifasiyo, amene anakwatira mlongo wanga, amakapikula mafoni ndi nsapato ku Dubai. Chaka chatha mnzawo woyenda naye anathyoka mwendo, ndiye anandiitana kuti ndikawanyamulire zikwama.

Tili mundege anandikoka khutu. “Zeka, tamvera. Kumeneko kuli mkulu wina, a Hamidi, ndi amene ndimagulako. Ukandichititsa manyazi pamaso pawo, ulendo uno ndi woyamba komanso womaliza, udzakalambira pa njinga yakoyo. Akakupatsa chinthu usakane, wamva?”

Ndinati, “Alamu, kukana ine? Munandionapo liti ndikukana mbale?”

Dubai abale ndi mzinda, nyumba zake ukayang'ana pamwamba chipewa chimagwa, kunja kukutentha ngati wina wakutsegulira uvuni wa buledi kumaso, koma ukalowa m'nyumba kuzizira ngati Juni wa m'phiri la Tumbine. Masiku awiri ndinanyamula zikwama bwinobwino, osalakwa kanthu. Tsiku lachitatu a Hamidi anati geni yakwana, tiyeni mukaone kumene makolo athu ankakhala mzindawu usanakule.

Ine ndimati tikaona nyumba zagolide. Epa! Tinjira topanikiza, makoma adothi, zisakasa za masamba a kanjedza, azungu ali piringupiringu kujambula mtondo. Mtondo weniweni, wosinjira! Ndinanong'ona kuti, “Alamu, tauluka ulendo wonse uja kudzaona nyumba zadothi? Bwanji osangopalasa njinga kupita ku Molumbo?” Anandiponda chala chachikulu. Koma chilungamo, makolo awo anali ndi mitu. Pamwamba pa nyumba anamanga kansanja kokola mphepo n'kuitsitsira m'chipinda, ukaima pansi pake kayaziyazi, popanda magetsi. M'zipinda zina anaikamo zidole zazikulu ngati anthu enieni, china chikusoka ukonde, china chikupera, kutsogolo atamanga chingwe chofiira.

Titazungulira, anatilowetsa m'chipinda cha alendo, nsapato kunja, tonse pansi pa mkeka wofewa. Alamu ndi a Hamidi anakhala uko akukamba Chingerezi chawo, ine kuno ndapinda miyendo ngati mkamwini watsopano. Kenako kunabwera bambo wandevu, mkanjo woyera mbee, m'manja ketulo ya mkuwa ya mlomo wautali ngati wa kakowa. Anandipatsa kakapu. Abale, kakapu! Chitsekerero cha botolo chimaposa. Anathiramo kafe, uja ena amati khofi, pang'ono, osafika ngakhale pakati.

Mumtima ndinati anthu olemera chonchi koma kuumira kotere? Ndinameza kamodzi, gwa! Kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo, shuga ngakhale kambewu kamodzi ayi. Ndinamwetulira ndithu, ndinabweza kakapu ndi manja awiri monga tinaleredwera. Bambo uja anathiranso, n'kundipatsa.

Chabwino, mwina waona kuti koyamba anandimana. Ndinamwa. Ndinabweza. Anathiranso.

Inu mukanatani? Kwathu kuno mlendo akamaliza za m'mbale ndiye ulemu, ndipo alamu anati usakane. Iye kuthira, ine kumeza, iye kuthira, ine kumeza, ngati tikupalasa njinga imodzi. Ndinaona a Hamidi atamwa tiwiri akugwedeza kakapu kawo uku ndi uku, ndinati mayo ine, ukalamba, dzanja layamba kunjenjemera. Ndinayang'ana kumbali kuti ndisawachititse manyazi. Pofika kachisanu ndi chitatu alamu anayamba kunditsinzinira diso, akugwedeza dzanja m'mwamba. Ine ndinamva kuti akuti limbikira, fulumira, usagonje. Ndinawagwedezera mutu kuti musadandaule alamu, Milange sagwa lero.

Pofuna kupha kuwawa ndinayamba kudya zipatso za kanjedza zimene zinali m'mbale, zotsekemera ngati uchi, koma nthanga zake ndilavulire pati, pa mkeka wa eni? Ndinameza nazonso.

Wandevu uja ketulo inamuthera, anapita kukatenga ina. Ndinati ehe, kodi ndi mpikisano? Anandiyang'ana, ndinamuyang'ana. Nkhope yake imati m'bale wanga ndichitire chifundo, yanga imatinso chimodzimodzi, koma chinenero chotilumikiza panalibe.

Pa kakapu kakhumi ndi chisanu ndi chiwiri, mtima unali kugunda ngati chigayo cha dizilo, makutu akulira, thukuta kamukamu m'chipinda chozizira. Nditatambasula dzanja kuti ndibweze, linayamba lokha kunjenjemera, kakapu gwedegwede. Bambo uja nkhope inawala! Anagwira pamtima, anawerama, anatenga kakapu n'kuchoka mothamanga ngati wamasulidwa kundende. Apo ndi pamene nzeru zinandibwerera. Kumeneko ukakhuta umagwedeza kakapu, ukangobweza chete ndiye kuti ukuti onjezera. Munthu wa Mulungu ndinamuimika nthawi yonseyo, iye kuopa kumana mlendo, ine kuopa kukana mwini nyumba!

Ndimati zatha. Ayi, kafe yense uja anatsikira pansi nthawi imodzi.

Ndinadzuka mwaulemu, ndinatuluka chokhotakhota, nsapato osavala. Ndifunse bwanji? Ndinayesa kufunsa mlonda wina za chimbudzi m'Chipwitikizi, “Kaza di banyu, patarawu?” Anangomwetulira n'kundilozera kogulitsa zikumbutso. Ndinathamanga kanjira aka, kanjira ako, tonse tofanana. Kenako kuseri kwa bwalo ndinaona kampanda ka masamba a kanjedza, kopanda denga, mkati muli mtsuko ndi mwala wopondapo. Ndinati zikomo Ambuye, bafa ndi bafa kulikonse, ili ngati la kwathu lenileni! Chingwe chofiira ndinachidumpha ngati mbuzi.

Mkatimo munali kale mkulu wina atagwada pa mtsuko. Ndinati, “Pepani bambo, zandivuta,” osayankha. Kuyang'anitsitsa, chidole. Ndinatembenukira kukona, dzanja lafika pa zipi, ndipo ndinamva mawu kumbuyo. Gulu la azungu, mwina makumi awiri, wowatsogolera ali ndi kambendera, akulozera mkati momwe ndinalimo.

Kuthawa kunalibe, khomo ndi lomwelo. Mutu wodzaza kafe unandiuza kuti Zeka, iwe umatha kutsanzira aliyense, wansembe, wapolisi wa pa malire, ngakhale tambala. Tsanzira chidole! Ndinauma pomwepo, dzanja pa zipi, maso pa khoma, osaphethira.

Abale, anajambula! Mafoni ng'ani ng'ani. Wotsogolera uja anayamba kufotokoza, anafika pa ine n'kuyamba kundifunafuna pa pepala lake. Ine mkati ndikupemphera Atate Athu. Mayi wina wachikulire wa chipewa chachikulu anayandikira, anavala magalasi, akuona chidole chovala malaya a mpira chimene chikutuluka thukuta. Anatambasula chala n'kundibaya pamimba. Pamimba penipeni, pamene panali nkhondo!

Ndinakuwa, “Mayi, musatero!”

Kukuwa kwa mayiyo ndikhulupirira kunamveka mpaka ku Majaua. Chipewa uko, foni uko, azungu balalabalala, wina anagwera m'mtondo. Alonda awiri anafika, kumbuyo kwawo alamu ndi a Hamidi. Alamu nkhope inali ngati alandira uthenga wamaliro. Mlonda mmodzi anangoona mmene ndapanira miyendo, anamvetsa zonse popanda womasulira, anandigwira dzanja n'kuthamanga nane. Chimbudzi chinali pafupi ndi chipinda chomwe tinamwera kafe, chitseko chachiwiri, chithunzi cha mwamuna chili pakhomo. Ndinafika, koma tinene kuti ndinafika ngati minibasi ya shapa imene mafuta athera pa siteji penipeni.

Potuluka ndinkadziwa kuti basi, ndege ndatsanzikana nayo. Ndinapeza a Hamidi atatsamira khoma, akupukuta misozi ndi nsalu ya kumutu, kuseka mpaka kutsokomola, wandevu uja ali pambali akuwawerengera pa zala timakapu timene ndinamwa. Anayankhula nthawi yaitali kwa alamu, akundiloza.

Ndinafunsa chapansipansi, “Akuti andimange?”

Alamu anati, “Akuti ulendo wina ndisayerekeze kubwera popanda iwe. Ali ndi achimwene awo anayi, aliyense ali ndi ketulo yake, onse akufuna adzakuone.”

Ndiye mwezi wamawa alamu akupitanso, tikiti yanga akuti ilipo. Ndipita, zikwama ndinyamula, koma ndalumbira pamaso pa mkazi wanga kuti nyumba zamakolo a eni ndidzazionera pa msewu. Ndipo mukadzamva kuti ku Ulaya kuli chithunzi cha mmene anthu akale a m'chipululu ankatayira madzi, chonde musakachifufuze. Malaya a mpira aja ndi omwe ndavalawa.