Kiyi wa a Marcelino

Pa pulazi yathu ya fodya ku Centenary, kumpoto kwa Harare, palibe amene ankapatsana moni ndi a Marcelino n'kuchoka chimanjamanja. Usanamalize "mwaswera bwanji", dzanja lawo linali litalowa kale m'thumba la malaya.

"Kodi kiyi wanga ndinakupatsani?"

Musaganize zachitsulo. Kiyi wakeyo linali pepala lodzaza zilembo ndi manambala, ngati nkhuku yayenda pamakina otayipira.

A Marcelino anali kalaliki wa pulaziyo. Mu 1997 mzungu mwini pulazi analumikiza imelo mu ofesi, ndipo ankawerenga kalata iliyonse yofika, yake kapena ya eni. Izi a Marcelino zinkawanyansa, chifukwa panali kalata imodzi imene ankaidikira: ya mlongo wawo Ricardina, amene anasiyana naye pothawa nkhondo ku Tete. Ndiye katswiri wa ku Harare wodzakonza kompyuta anawapangira makiyi awiri, wina wogawira anthu, wina wobisa.

"Uyu ndi wotsekera," ankatero potipatsa pepalalo. "Aliyense angatseke naye kalata yobwera kwa ine. Wotsegulira ali m'kompyuta, ndipo samvera munthu popanda mawu ali m'mutu muno."

"Nhai sekuru," tinkatero, powatchula agogo m'chilankhulo cha kuno, "ife kompyuta tilibe. Titani naye?"

"Sungani. Simudziwa amene mudzakumane naye m'basi."

Anagawa kutchalitchi, kumpira, ngakhale paukwati, anzawo akupereka mbale ndi mapoto. Oyendetsa malole a ku malire ankawathawa.

Tsiku lina anapeza Kalino wa thirakitala akupichira fodya m'pepala loyera bwino.

"Iwe! Ukusuta chiyani?"

"Ndangong'ambako pang'ono, mudhara. Zambiri zatsala."

"Wasuta mizere itatu! Chilembo chimodzi chikasowa, kiyi wafa!"

Anamupatsa lina. Kalino anathokoza ndi manja awiri, poti mapepala a mu ofesi ankayaka bwino kuposa nyuzipepala.

Mayi Mwanaisha, ogulitsa zitumbuwa m'komboni, iwo anaona zilembo zosawerengekazo n'kugamula okha kuti ndi hirizi, chithumwa cholembedwa. Anapinda pepala, kusokerera m'kansalu, n'kumveka mdzukulu wawo wachifuwa. Chifuwa chinatha.

"Mayi, si mankhwala amenewo," anadandaula a Marcelino.

"Nanga mwanayu akutsokomola? Ndipatseni ena awiri."

Anawapatsa anayi. Kukana kugawa kiyi sankatha.

Tinkawaseka, inde, koma tinkaonanso mmene ankalowera mu ofesi m'mawa uliwonse atavala tayi, n'kutuluka akuti, "Mawa." Anadwala nthawi yokolola fodya mu 1999, ndipo sabata isanathe tinawaika.

Patapita miyezi iwiri, mzungu anaitanitsa mayi Luzia, akazi awo. Kunafika kalata ya a Marcelino, yotsekedwa ndi kiyi uja. Anaisindikiza: masamba awiri a zilembo zokhazokha. Mawu otsegulira anali atapita ndi mwini wake. Koma mutu wa imelo sutsekedwa, ndipo pamwamba panalembedwa Chichewa chomveka: "Achimwene, ndili moyo. Ricardina."

Mayi Luzia anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Bambo ameneyu! Zaka makumi atatu ndikumuchapira malaya, osandinong'oneza ngakhale liwu limodzi!"

Komboni yonse inavina tsiku limenelo, ndipo aliyense ankati ndi pepala lake limene linafika kwa Ricardina. Mayi Mwanaisha amalumbira mpaka lero kuti ndi hirizi yawo, poti mdzukulu uja anadutsa nayo ku Tete popita ku Mangochi. Kalino yekha sanalowe mumkanganowo.

Mzungu anayankha imeloyo ndi kalata yosatseka, yonena za maliro. Masamba awiri aja palibe adzawawerenge. Mayi Luzia anawapinda n'kuwaika m'thumba la malaya a amuna awo, momwe munkakhala makiyi.

Masiku ano moni pa pulazi pano umatha msanga. Umati "mwaswera bwanji", mnzako ayankha, ndipo nonse mumaima pang'ono ngati pali chimene chatsala. Ine ndimawasowa kwambiri.