Ndinabisala Pakati pa Maliro Pothawa Kamera

Anzanga, lekani kundifunsa chifukwa chake masiku ano ndikumafika ku ntchito nsapato zili mbuu ndi fumbi. Khalani pansi ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakaimva kwa ena nkhaniyi, aithira mchere wambiri.

Ine phazi langa la kumanja ndi lolemera, zimenezo sindikana. Ndikakhala pa chiwongolero, zikwangwani za liwiro zija ndimaziona ngati anaikira anthu amene alibe kopita. Ndipo musandiyang'ane choncho, nonsenu mu Chipata muno ndinu chimodzimodzi, mumachepetsa liwiro mukamva kuti apolisi atchera kamera, mukangowadutsa n'kupondanso. Kusiyana kwake n'koti ine amandigwira. Ndiye amuna anga, atate ake Dalitso, mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo, munthu woyendetsa galimoto ngati wanyamula mazira, anatopa nazo. Atamva anzawo akukamba zoti mwina azidzadula mapointi pa laisensi ya aliyense wothamangitsa, anandikhazika pansi.

"Amake Dalitso, tikiti ina imodzi yokha, makiyi mubweza. Sindikuseka ayi."

Ndinalonjeza mutu uli pansi, ndipo kunena zoona, kwa kanthawi ndinkayenda ngati munthu wobatizidwa kumene.

Loweruka lina kunali kichini pate, phwando la azimayi lopatsa mkwatibwi ziwiya, ya mwana wa mnzanga cha ku Mtenguleni. Ndinatchena, anthuni! Diresi yachikasu yonyezimira ija ndinasoketsa chaka chatha, milomo psuu, nsapato zazitali, perefyumu womveka mpaka kwa aneba. Pampando wakumbuyo ndinaika mphatso, mapoto okutidwa bwinobwino ndi riboni wofiira. Koma kudzikonza kunandidyera nthawi, ndipo ndimatuluka m'tauni kulowa msewu waukulu wa ku Lusaka ndili wochedwa kale. Msewu unali see, nyimbo ikugunda m'galimoto, phazi lija linakumbuka khalidwe lake.

Minibasi ina yochokera kutsogolo inandiphethira malaiti. Inu mukudziwa tanthauzo lake, kuti mlongo, kutsogoloko atchera. Ndinayang'ana singano ya liwiro, mayo ine, inali itasiya kalekale nambala ya pa chikwangwani. Ndinaponda mabuleki, koma chapatali pansi pa mtengo wa mango ndinaona kale wapolisi atawerama pa kamera yake, mphuno yake italoza kwa ine. M'maso mwanga ndinaona makiyi anga akulowa m'thumba la jekete la atate ake Dalitso.

Ndiye kutsogolo kwanga, pakati pa ine ndi apolisiwo, panali mdipiti wa maliro ukuyenda pang'onopang'ono. Kanta yonyamula bokosi patsogolo, lole yodzaza azimayi akuimba, ndi timagalimoto tingapo titayatsa mahazadi. Ndinaona apolisi akuvula zipewa n'kumawakodola kuti dutsani. Pamenepo m'mutu mwangamu munabwera nzeru imene ndinkaiona ngati yochokera kumwamba, pamene inali yochokera kwina. Ndinazimitsa wailesi, ndinayatsa mahazadi, n'kudziphatika kumbuyo kwa galimoto yomaliza, nkhope nditaigwetsa, dzanja limodzi lili patsaya.

Wapolisi uja anali atakweza kale mkono kuti andiimitse. Atawona mahazadi ndi nkhope yachisoni ija, anatsitsa mkono, n'kundiweramira pang'ono. Ndinadutsa! Ndinkaseka ndekha m'galimoto, kudzitama kuti Amake Dalitso, iwe ndiwe dolo, anthu ena ubongo anawapatsa wongosungira.

Maganizo anga anali oti tikangokhota pagulaye, apolisi akabisika, ndizimitse mahazadi ndizipita. Koma tisanafike n'komwe pagulayepo, mdipiti wonse unaima m'mbali mwa msewu, apolisi akutionabe bwinobwino. Lole ija inali itadzadza mopitirira, ndiye anaganiza zotsitsa achikulire kuti akwere m'timagalimoto. Bambo wina anabwera pawindo langa, manja ali kumbuyo.

"Mayi, pepani, muli nokha m'galimotomu. Titengereniko makolowa."

Nanga ndikanati chiyani? Ndinene kuti ayi, ine ndikupita kokavina? Wapolisi ali apo akuyang'ana? Ndinatsegula zitseko. Analowa azimayi achikulire, maduku kumutu, zitenje zakuda. Amene anakhala kutsogolo anandiuza kuti ndi anaJere, azakhali a malemu. Akumbuyo ananyamula mapoto anga pamiyendo, ndi riboni yemwe, osafunsa kanthu.

Tinanyamuka. AnaJere anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, kenaka kuchokera ku nsapato kubwerera kumutu.

"Mwana wanga, a Mbewe munkadziwana nawo bwanji?"

Apa m'pamene ndinadziwira kuti womwalirayo ndi a Mbewe. M'malo mongonena kuti ndine wa kumpingo, kapena kungokhala chete ngati munthu wanzeru, pakamwa panga panatuluka zina.

"Iii amama, nkhani yake ndi yaitali. Anali munthu wabwino kwa ine. Sindidzawaiwala."

Ndinaonjezanso ndi kufwenthera, ndipo chifukwa cha mantha misozi yeniyeni inabweradi. Pagalasi ndinaona akumbuyo aja akugwedezana ndi zigongono. Ine ndinkaganiza kuti ndawakhudza mtima.

Tinasiya tara n'kulowa msewu wafumbi wodutsa m'minda ya mtedza, nthawi ya kichini pate ikutha, foni ikungolira m'chikwama. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikangowatsitsa, ndibwerera. Titafika pamudzi, magalimoto ena anaima kumbuyo kwanga n'kunditsekera njira, ndipo anaJere anandigwira dzanja molimba ngati ndaba nkhuku.

"Tsikani. Mwafika kale, simungabwerere panja."

Tangoganizani, anzanga. Pabwalo ponse anthu avala zakuda ndi zitenje zakale, ine ndikutsika ndi diresi yowala ngati chikwangwani cha sitolo, nsapato zikumira mumchenga, perefyumu akupita patsogolo kukalengeza. Nyimbo inayamba kuzilala mzere ndi mzere mpaka inatheratu. Mtsikana wina anakweza foni n'kundijambula osabisa n'komwe. Anandipatsa chitenje chobwereka, n'kundikhazika m'nyumba ya siwa, moyang'anizana ndi namfedwa, ndipo mayiyo analeka kulira n'kuyamba kundiyang'ana.

Kunong'onezana kunayambira pakhomo kuzungulira khoma lonse mpaka kunafika m'khutu mwanga. Kani a Mbewe anali dalaivala wa mathiraki odutsa pa malire a Mwami, wokhalitsa m'maulendo, ndipo panali mphekesera kuyambira kale yoti m'tauni ali ndi mkazi wina amene palibe anamuonapo. Ndiye lero wabwera yekha, ndi galimoto, ndi milomo yofiira, atanyamulanso mapoto! Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Galimotoyo ndiye kumene kunkapita ndalama za ana."

Thukuta linatsika mpaka mu nsapato. Mkulu wake wa namfedwa, mayi wamtali wa mikono ya munthu wolima, dzina lake Esinati, anaimirira n'kundikodola kuti tikaonane kuseri kwa nkhokwe. AnaJere anatsatira.

"Tiuzeni bwinobwino tisanaike maliro," anatero Esinati. "Muli nawo ana angati a malemu?"

"Ine? Amayi, a Mbewe sindinawaonepo chibadwire!"

"Nanga si inu mwauza azakhaliwa kuti anali wabwino kwa inu? Kuti simudzawaiwala?"

Apa ndinaulula zonse, za liwiro, za kamera, za mahazadi, za makiyi. Ndinkayembekezera kuti aseka kapena andikalipira. Iwo anangoyang'anana.

"Bodza limeneli mwalikonza bwino," anatero anaJere. "Munthu wamkulu ngati inu, wovala chonchi, kulowa pamaliro a eni chifukwa choopa kapepala? Palibe chitsiru chotero pa dziko lino."

Anzanga, munayamba mwalumbirapo kuti ndinu chitsiru, anthu n'kumakukanirani? Ine ndinalumbira mpaka kutchula mpingo wanga ndi dzina la abusa. Ndili mkati molumbira, foni inalira, ndipo nditayang'ana ndinapeza chithunzi changa chija chafika kale pa gulu la azimayi a kumpingo kwathu, pansi pake wina atalemba kuti, kodi awa si akazi a akulu a mpingo? Ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe nkhaniyi ikhala itawapeza atate ake Dalitso, ndipo panalibe mboni ina padziko lonse yoti n'kunditsuka kupatula imodzi.

"Kwerani," ndinatero. "Tiyeni mukamve kwa apolisi."

Anasuntha magalimoto, tinanyamuka atatu, ine ndi chitenje chobwereka, anaJere kutsogolo, Esinati kumbuyo atagwira mapoto ngati umboni. Njira yonse ndinkapemphera kuti apolisi aja asakhale atachoka. Ine amene moyo wanga wonse ndimapempherera kuti ndisawapeze! Mwamwayi tinawapeza akupinda miyendo ya kamera yawo. Ndinaimika galimoto n'kuthamangira wapolisi uja, nsapato m'manja.

"Bwana, chonde, mukundikumbukira? Ndinadutsa pano m'mawa ndikuthamanga kwambiri."

Anandiyang'ana, anayang'ana galimoto, n'kuvulanso chipewa.

"Ehe, ndimwe a pamaliro paja. Kamera inakugwirani, koma osadandaula madamu, tinafufuta mumtima. Munthu ukaferedwa mutu sugwira. Pitani mukalire bwino, pepani kwambiri."

Esinati anatsokomola kumbuyo kwanga. "Mwamva? Ngakhale apolisi akudziwa kuti ndinu oferedwa."

"Ayi bwana, musandikhululukire!" ndinakuwa. "Sindine woferedwa! Ndinanama! Ndinayatsa mahazadi dala kuti musandigwire. Ndilembereni tikiti, ndagwira mwendo wanu!"

Ndipo ndinagwadadi, pa tara, dzuwa likuswa mtengo, minibasi zikuchepetsa liwiro kuti anthu aonere. Wapolisiyo anaitana mnzake kuti abwere adzamve yekha. Anatsegula kamera, n'kutionetsa galimoto yanga ili yokhayokha pamsewu, kutali ndi mdipiti, mahazadi osayaka, nambala ya liwiro ili pakona. AnaJere anavala magalasi awo, anayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti pamalopo amalola zingati. Atawauza, anagwira pakamwa.

"Mwana iwe, unkafuna tiike maliro awiri lero?"

Esinati ndiye anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wakhala akulira masiku angapo, mpaka anakhala pansi m'mbali mwa msewu mapoto ali pamiyendo. Wapolisi analemba tikiti akupukusa mutu, akuti chiyambireni ntchito anaonapo olira, okalipa ndi oitana abale awo aakulu, koma womugwadira kuti amulembere anali asanamuone. Ine ndinailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Ndinawabweza kumudzi kuja, ndipo anaJere anaimirira pakhomo la siwa n'kulengeza kuti mayiyu si mkazi wa malemu, ndi wopepera chabe. Sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Ndinapepesa kwa namfedwa, ndinakhala nawo mpaka kumanda, ndipo ku kichini pate sindinapondeko.

Kunyumba ndinapeza atate ake Dalitso atakhala pakhonde, foni ili pa tebulo, chithunzi changa chikuwala. Sanandilonjere. Ndinagwada, n'kuika tikiti patsogolo pawo ndisanatsegule pakamwa. Anaiwerenga pang'onopang'ono monga amachongera mayeso, anayang'ana malo ndi nthawi, kenaka anamvetsera nkhani yonse osandidula. Nditamaliza, mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka anavula magalasi kupukuta misozi. Ine mtima unayamba kukhala pansi, ndinati basi, munthu akaseka chonchi ndiye kuti wakhululuka.

"Amake Dalitso," anatero atapuma, "chikwatirane, simunandibweretserepo pepala londisangalatsa ngati ili."

"Zikomo atate."

"Eya." Anatambasula dzanja. "Makiyi."

Ndiye fumbi la pa nsapatoli ndi limenelo, anzanga. Akadzandibwezera makiyiwo, ngati adzandibwezere, ndizidzayenda mpaka ngolo za ng'ombe zizindipitirira. Ndipo tsiku lina wapolisi akadzandikwezera mkono, ndidzaima pomwepo, ndilandire tikiti yanga mwaulemu ndili mkazi wa mwamuna mmodzi.