Mchere umene unasowa loko ali chitsekere

Kiyi wa labotale sindinamutule mwakufuna kwanga. Anachita kundilanda, ana a Fomu 3 akuonerera.

Ganyu yothandiza m'labotale pa sekondale ina kufupi ndi Thuchila ndinaipeza chifukwa ndinapondako kukoleji (za katulukidwe kanga sanandifunse, nanenso sindinafune kuwatopetsa). Tsiku lina poweruka, Madamu a kemisitiri anandipatsa mchere woyera wotchedwa kashiyamu kolorayidi, wotsiriza m'botolo.

"Thirani m'timbale iti, musiye pawindo osavundikira. Ndi phunziro la mawa."

"Zazing'ono izi, Madamu," ndinatero.

Kenako kunagwa chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene kamanyowetsa ndi malaya a m'sutikesi omwe. M'mawa ndikutsegula, mchere mulibe. M'timbale muli madzi okhaokha, loko ali bwinobwino. Mlandu ndinauweruza pomwepo: akuba apisa dzanja pawindo, atapa mchere, n'kusiyamo madzi mwachipongwe. Nanga woyamba kukayikiridwa ndani? Wosunga kiyi.

Ndinachita zimene munthu aliyense wophunzira akanachita. Madziwo ndinataya, timbale ndinatsuka, n'kuthamangira kumsika kukagula mchere wa ndiwo. Ndinausinja ndi botolo mpaka unaoneka wa sayansi.

Madamu analowa ndi ana awo. "Lero muona mchere umene umamwa chinyezi cha mumpweya mpaka kusungunuka wokha. Taonani!"

Anaonadi. Mchere uli mbee, ngati palibe chachitika. Madamu anayang'ana mvula panja, kenako ine.

"Achimwene, chachitika n'chiyani apa?"

"Mwina ndi mchere wopirira, Madamu."

Anatapa pang'ono ndi kawaya. "Kashiyamu amafiiritsa lawi ngati njerwa," anauza anawo, n'kuika pamoto. Lawi linachita chikasu, mosandimvera chisoni n'komwe.

"Madamu," anatero mtsikana wina wakutsogolo, atasuzumira m'kambale, "kodi kashiyamu amakhalanso ndi mutu wa bonya?"

Kalasi yonse inagwa nako kuseka. Ndinaulula zonse, ndi za akuba zomwe.

"Ndiye madzi aja mwataya?"

"Ndatsukamonso ndi sopo, Madamu."

"Madzi amenewo ndiye anali phunzirolo. Wakuba wanuyo ndi mpweya. Bweretsani kiyi."

Mchere wokha anandilola kupita nawo kwathu, ndipo unagwira ntchito yake mokhulupirika. Ndimavomereza kuti ndinalakwitsa pang'ono. Koma mpaka lero sindinamvepo kuti mpweyawo anauitana ku ofesi kuti ukayankhe mbali yake.