Chidede changa ndi mabulauzi oyera

Pali Lachinayi lina limene mkazi wanga salola kuti litchulidwe m'nyumba mwathu. Ndiye ndikuuzani inu, poti simukamuuza.

Ndimayendetsa thirakitala pa purazi ina, kapena kuti famu, kufupi ndi Banket ku Zimbabwe, pomwe ndinabadwira. Ku Malawi, kwawo kwa agogo, ndinangopitako kamodzi kumaliro, ndipo azakhali anandimangira njere za chidede pakansalu. Anati masamba ake ndi ndiwo, makoko ofiira a zipatso zake ukawiritsa n'chakumwa.

Mvula itagwa ndinadzala kuseri kwa nyumba m'komboni, pamalo pomwe mayi a Chisomo (ndiye mkazi wangayo) ankafuna kuikapo ndiwo zamasamba zotchedwa kovo. Ndinathira manyowa a nkhuku, kupalira, kutchinga ndi minga kuopa mbuzi. Chinakula mpaka m'mapewa mwanga, mitengo yofiira psuu, koma duwa olo limodzi.

"Bambo a Chisomo, mwadzala ndiwo kapena nkhuni?" ankatero tsiku lililonse.

Maluwa anabwera mvula ikutha, ndipo ndinakolola makoko odzaza beseni. Ndinawiritsa, n'kuthira shuga (dzanja langa silidziwa malire), n'kutsanulira m'chigubu, n'kutseka mwamphamvu. Poopa ana, ndinakachibisa m'kachisakasa ka malata momwe masana mumatentha ngati m'balani ya fodya. Chinakhala mmenemo sabata yathunthu. Azakhali sananene kuti chimamwedwa msanga, kapena ananena ine maso ali pa basi.

Lachinayi limenelo mkazi wanga ankalandira amayi a kutchalitchi kudzapemphera kwathu, koyamba chivalireni yunifolomu. Anabwera amayi khumi ndi awiri, mabulauzi oyera mbee, wotsogolera ali apongozi anga. Ine ndinaona kuti nthawi yoonetsa ulimi wanga yakwana.

Mayi a Chisomo anandipeza pakhomo nditachikumbatira. "Tiyi akwana, musavutike. Nanga chigubucho chatupa bwanji?"

"Ndi mavitamini," ndinayankha.

Ndinalowa, n'kugwada pamaso pa apongozi monga mkamwini waulemu, n'kupotoza chotsekera.

Phuu! Ngati tayala la thirakitala. Thovu lofiira linamenya malata n'kugwa ngati mvula. Ndinayesa kutseka ndi chikhatho, koma ndiye linafalikira mbali zonse, mpaka kwa amene anakhala pakona.

"Maiwe, magazi!" anakuwa mayi wina, akudzifufuza pomwe wavulala.

Kenako apongozi anapukuta kumaso, n'kunyambita milomo.

"Akamwini, ichi mwati n'chiyani?"

"Chidede, amayi."

"Chidede ndinachidya ndili mtsikana ku Ntcheu. Sichinkanunkha chonchi. Mwatifululira mowa pamapemphero?"

Mkazi wanga anangondiyang'ana, chidede chikudontha pachibwano. Ndikanakonda akanandikalipira.

Loweruka ndinachapa mabulauzi khumi ndi awiri pampopi, komboni yonse ikuonerera, anzanga a mathirakitala akufunsa ngati ndimachapanso maovolosi. Ndinatikita mpaka zala kusupuka. Ambiri anayera, koma ya apongozi inatsala yapinki.

Ndinakaipereka ndekha kwa apongoziwo. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kuipinda, n'kufunsa motsitsa mawu: "Masamba a chidede chija atsalako?"

Ndinathamanga kukathyola. Anaphika okha, kutendera ndi nsinjiro, n'kudya maso atadzaza misozi. Anati chichokereni kwawo anali asanalawenso kuwawasa kumeneko, ndipo anayamba kutchula mayina a abale awo omwe ngakhale mkazi wanga anali asanawamvepo. Madzulo ake mayi a Chisomo anandiyankhula koyamba chichitikireni ngoziyo, ngakhale anangoti ndisunthe ndawatchingira.

Potsanzikana apongozi anandigwira mkono. "Chaka chamawa mudzalenso, akamwini. Koma ntchito yanu ithere kumunda. Zapamoto mutisiyire."

Ndinavomera ndi manja awiri, ndipo ndikusungadi lonjezo. Kungoti sabata yatha wina wandiuza kuti chidede amapangiranso jamu.