Siketi yanga ndi makromozomu a Chisomo

Mpaka lero amayi a pa komboni yathu ku Macheke akandiona ndikukonza siketi m'chiuno amayamba kutsokomola chonamizira. Aziseka. Ine tsiku lija ndinanena zoona, ndipo umboni unaoneka.

Mwana wanga Chisomo amaphunzira sayansi ku Chinhoyi. Atabwera pa holide anandionetsa kanema pa foni, timasingano tiwiri tagalasi tikukoka kanthu konga nyongolotsi. Anati ndi kromozomu, yopezeka m'maselo a thupi la munthu aliyense, yopangidwa ndi kromatini, womwe ndi ulusi wa chibadwa wokulungidwa pa timikanda tating'onoting'ono.

"Mukaikoka pang'ono, amayi, imabwerera m'malo," anatero. "Mukapyola muyeso, ulusi umamasuka, siibwereranso."

Ndinamva kamodzi n'kusunga (ndasankha fodya m'shedi kuyambira utsikana wanga, mutu uwu sutaya kanthu).

Kenaka mnyamata wina wa ku Wedza anamufuna Chisomo. Kwawo anatumiza tete, mlongo wa bambo ake, kudzationa kuti ndife anthu otani. Kwa Ashona tete akapukusa mutu, ukwati wathera pomwepo. Tsiku lobwera tete ndinavala siketi yanga ya kutchalitchi, ya lasitiki m'chiuno.

Atamwa tiyi, tete anafunsa monyogodola, Chichewa chake chothyokathyoka. "Nhai Mai Chisomo, mwana wanu amaphunzira chii? Akuti zinthu zosaoneka ndi maso. Kapena inunso simudziwa?"

Zinandipweteka kwabasi. Ine osadziwa za mwana wanga ndemwe? Ndinadzuka ngati mphunzitsi wamkulu, ndinafotokoza za ulusi ndi timikanda, ndipo poona kuti sakumvetsa ndinagwira lasitiki wa siketi. Ndinakoka pang'ono n'kusiya, anabwerera kuti thapu.

"Mwaona, tete? M'thupi mwanumo ndi mmene zilili."

"Ko mukakokesa?"

Apa munthu wanzeru akanangoyankha ndi pakamwa. Chisomo anali pakhomo akundiphethira diso, koma ine ndinali nditatentha. Ndinakoka ndi manja awiri mpaka mikono inaongoka, ndipo ndinamva timaulusi tikuduka m'kati. Nditasiya, m'chiuno munangoti lende.

"Zikatero siibwereranso," ndinamaliza molimba mtima, n'kukhala pansi msangamsanga, chigongono chitapana siketi.

Zikanathera pomwepo pakanapanda mwambo. Mlendo wolemekezeka chotere satsanzikidwa ndi dzanja limodzi, umagwada n'kuomba m'manja. Tete atanyamuka ndinagwada bwinobwino, ndinaomba, ndipo ndinaimirira ndikuombabe kuti aone ulemu wa pakhomo pathu. Ine ndinaimirira, siketi inatsala pansi.

Unali mwezi wa Juni, ndipo kuzizira kwa ku Macheke mumakudziwa. M'kati ndinali nditavala kabudula wakale wa mpira wa bambo a Chisomo, wofiira, wa chigamba kumbuyo (amatenthetsa kuposa pitikoti aliyense, yesani).

Tete sanaseke. Anamasula zambia yake, chitenje chimene anamanga m'chiuno, anandipatsa, n'kupita. Chisomo analira. Ine masiku otsatira ndinkangoganiza kuti ndapasula ukwati wa mwana wanga ndi manja anga.

Koma akwawo kwa mnyamata uja anabwera ndithu kudzapereka roora, ndiye kuti malowolo. Itafika nthawi ya mphatso za mayi wa mtsikana, anatulutsa bulangete, shuga, sopo, kenaka tete mwiniwake anaika patsogolo panga mpukutu wonse wa lasitiki.

"Ndinawauza kwathu kuti mayi uyu mwana wake amamudziwa," anatero. "Koma lasitiki uyu musaphunzitsirenso anthu."

Nyumba yonse inagwa nacho chiseko, apongozi aamuna omwe. Ine ndinalandira popanda manyazi, ndipo ndinathokoza poomba m'manja ndili chikhalire.